Usiku woyamba wa wodwala amene wachotsedwa chithokomiro: namwino ayang'ane chiyani?

NesiWaNaiti

Asisi ndi achimwene a pantchito ino, ndithandizeni nzeru. M'wodi ya amayi ya opaleshoni muli mayi wa zaka 46, wolemera makilogalamu 60, amene mawa m'mawa akupita ku fiyeta kukachotsedwa chithokomiro chonse. Chotupacho ndi chachikulu, chakhala pakhosi zaka zoposa khumi, ndipo chaka chathachi chinayamba kugwira ntchito mopyola muyezo: mtima kuthamanga, thukuta losatha, manja kunjenjemera, kuwonda pomwe akudya bwinobwino. Akhala akumwa carbimazole (woletsa chithokomiro kupanga mahomoni ochuluka) ndi propranolol (wochepetsa kuthamanga kwa mtima), komanso ali pa ma ARV otchedwa TLD.

Usiku timakhala anamwino awiri wodi yonse, ndipo zotsatira za ku labu sizibwera tsiku lomwelo. Kodi m'maola oyambirira ndiyang'anitsitse chiyani, ndipo kangati? Pambali pa bedi ndiikepo zida zanji? Kashiamu akatsika ndidzadziwa bwanji popanda labu? Nanga potuluka ndiwauze chiyani za mankhwala, poti amwa kale ambiri?

SisitaWaOpaleshoni

Asisi, mwachita bwino kufunsa lero wodwala asanalowe ku fiyeta. Chimene chimapha msanga pa opaleshoni imeneyi ndi magazi oundana m'kati mwa khosi, pansi pa bala. Mavuto ena amakupatsani mpata woganiza, koma ili silidikira. Kawirikawiri limabwera m'maola 24 oyambirira, ndipo pafupifupi theka la odwala amene limawagwera limawapeza m'maola 6 oyambirira. Maso anu akhale pamenepo.

Yambani ndi bedi. Likhale pafupi ndi tebulo la anamwino, pamene mungathe kuona nkhope ya wodwala muli chikhalire. Kukona kuseri kwa katani ayi. Kumutu kukwezedwe madigiri 30 mpaka 45, ndipo ngati bedi ndi losakwezeka, pindani mabulangete muwalowetse pansi pa matiresi kumutuko. Kugona kotereku kumachepetsa kudzaza kwa mitsempha ya m'khosi ndi kutupa. Khosi lisapindikire kumbuyo, ndipo mayiwo akafuna kudzuka azigwira kunkhongo ndi manja awiri kuti ulusi usakokeke. Bandeji ikhale yaing'ono, yophimba bala lokha. Bandeji yozunguliza khosi lonse imabisa kutupa ndipo imafinya pomwe pavuta kale.

Kuyeza: mphindi 15 zilizonse mu ola loyamba, theka la ola lililonse kwa maola awiri otsatira, kenako ola lililonse mpaka maola 6 akwane. Pambuyo pake mungatalikitse ngati zonse zili bwino, koma usiku woyamba musadutse maola awiri osamuona. Paulendo uliwonse musangolemba BP, kugunda kwa mtima ndi kutentha kwa thupi. Werengani mapumidwe kwa mphindi yathunthu. Yang'anani khosi kuchokera kutsogolo ndi m'mbali, ligwireni mumve ngati ndi lofewa kapena lalimba ngati mpira wopopa. Pisani dzanja kuseri kwa khosi ndi pansi pa mapewa, chifukwa magazi amatsetserekera kumbuyo n'kunyowetsa pilo pomwe bandeji ya kutsogolo ili youma. Kenako muwalankhulitse, atchule dzina lawo ndi mudzi wawo, ndipo ameze malovu inu mukuona.

Zizindikiro zoyamba zimaoneka zazing'ono. Wodwala amati bandeji yathina, kapena pakhosi pali chinthu chokhala ngati chatsakamira. Amavutika kumeza malovu. Sakhazikika, amafuna kukhala tsonga, amakoka chitenje, maso ali pakhomo. Munthu wotere musamutenge ngati wamantha chabe n'kumupatsa diazepam, chifukwa kusakhazikikako ndiye kulira kwa thupi losowa mpweya. Mapumidwe amakwera. Kaphokoso kolira m'khosi pokoka mpweya, kamene timati stridor, kamabwera kumapeto, njira itatsala pang'ono kutsekeka.

Chifukwa chake n'chakuti magaziwo sangokanikiza kholingo kuchokera kunja. Amatseka mitsempha yobweza magazi kuchoka m'khosi, ndiye m'kati mwa kholingo mumatupa. N'chifukwa chake magazi ochepa angathe kutseka mpweya, ndipo kulowetsa chubu chopumira kumavuta kwambiri tikachedwa.

Pambali pa bedi pakhale thireyi yophimbidwa, yolembedwa, imene sichoka mpaka wodwala atatuluka: magolovesi osakhudzidwa, lezala la opaleshoni kapena kodulira ulusi, sizasi, artery forceps imodzi, gauze wambiri, ndi chochotsera masitepulo ngati khungu latsekedwa ndi masitepulo. Funsani adokotala pomulandira wodwala kuti atseka ndi chiyani, ulusi wapansi pa khungu kapena masitepulo, ndipo mfundo ili mbali iti. Musadzafufuze zimenezi ndi tochi pakati pa usiku. Makina a suction, oyamwa magazi ndi malovu, ayesedwe, ndipo ambu bag, thumba lopopera mpweya kwa wodwala, ikhalepo.

Mukaona chizindikiro chimodzi chokha, khazikani wodwala tsonga, ikani okosijeni, mnzanu aitane adokotala a opaleshoni ndi ogonetsa nthawi yomweyo, inu osachoka pabedi. Ngati stridor yayamba, khosi latupa, ndipo amene mwawaitana sanafike, balalo litsegulidwe pabedi pomwepo. Malangizo amene anatuluka ku Britain mu 2021 anaika ndondomekoyi m'dzina loti SCOOP: chotsani bandeji bala lionekere, dulani ulusi kapena chotsani masitepulo, tsegulani khungu, tsegulani minofu yosokedwa pakati pa khosi kufikira kholingo lioneke ndipo magazi oundana atuluke, kenako phimbani ndi gauze. Ambiri amalekera pakhungu, pomwe magazi ali pansi pa minofu. Mankhwala ochititsa dzanzi safunika pa nthawi imeneyi. Kambiranani ndi adokotala lero lomwe kuti akachedwa ndani ali ndi chilolezo chotsegula, ndipo zilembedwe mufayilo.

Popewa zonsezi, letsani kusanza msanga ndi mankhwala amene alembedwa, chepetsani ululu ndi paracetamol 1 g maola 6 alionse, ndipo BP ikakwera musaisiye, chifukwa kudzikakamiza posanza ndi kutsokomola mwamphamvu kumamasula timitsempha tomangidwa.

NesiWaNaiti

Zikomo kwambiri, Sisita. Nanga ngati m'botolo la dreni (kachubu kotulutsa magazi pabala) mulibe magazi ambiri, ndipo kamakina ka pachala koyeza okosijeni m'magazi kakuonetsa 97, sindingakhazike mtima pansi?

AchimweneOgonetsa

Ayi asisi, ziwiri zonsezo zimanamiza. Kachubu ka dreni kamatsekeka ndi magazi oundana, ndiye botolo lopanda kanthu lingatanthauze kuti magazi akuunjikana m'kati. Dreni imene imatulutsa kenako n'kusiya mwadzidzidzi, khosi likukula, ndi yoopsa kuposa imene ikudontha pang'onopang'ono. Kamakina ka pachala nako kamatsika mochedwa, makamaka munthu ali pa okosijeni. Angathe kuonetsa 97 njira ya mpweya itatsala ngati kabowo ka udzu. Khulupirirani mapumidwe, mawu ndi nkhope.

Pa okosijeni: concentrator wamba, makina a magetsi opereka okosijeni, amapereka malita 5 pa mphindi, ena 10. Pa ngozi ya khosi pamafunika malita 15 pa mphindi kudzera pa maski ya kathumba, choncho silinda yodzaza, ya geji ndi sipanala yake, ikhale m'wodimo usiku umenewo. Magetsi akazima concentrator amazimanso.

Si stridor yonse imene ndi magazi. Kuseri kwa chithokomiro kumadutsa mitsempha iwiri yoyendetsa timinofu ta mawu, wina kumanja wina kumanzere. Umodzi ukavulala, mawu amasasa, chifuwa chimatuluka chopanda mphamvu, ndipo wodwala amapaliridwa akamamwa madzi. Yonse iwiri ikavulala, timinofuto timaima pakati n'kutseka njira, ndipo izi zimaoneka msanga chubu chikangochotsedwa. Chinanso, chotupa chimene chakanikiza kholingo zaka khumi chingalifewetse, ndiye chikachoka kholingolo limaphwafuka pokoka mpweya. Pa ziwirizi khosi limakhala lofewa, losatupa, ndipo kutsegula bala sikuthandiza. Chofunika ndi kubwezera chubu kapena kuboola kholingo, ndiye itanani ogonetsa mwachangu. Mverani mawu a mayiwo lero madzulo ndipo lembani mmene akumvekera, kuti mawa mudzakhale ndi poyerekeza. Kusasa pang'ono kwa tsiku limodzi kapena awiri kumachitika chifukwa cha chubu. Madzi oyamba amwe pang'ono, ali tsonga, inu mulipo. Akapaliridwa, imitsani zakumwa mudziwitse adokotala.

Poti chithokomiro chawo chinali chothamanga, ganiziraninso za thyroid storm, vuto loopsa limene limabwera mahomoni a chithokomiro akalilimitsa thupi mwadzidzidzi. Usiku uno, ali m'tulo, werengani kugunda kwa mtima. Ngati kukupitirira 90 munthu ali mtulo tofa nato, uzani ogonetsa asanapite ku fiyeta, chifukwa mwina sanakonzeke. Propranolol wa m'mawa wa tsiku la opaleshoni amwe ndi kamadzi pang'ono, ndipo asasiyidwe mwadzidzidzi pambuyo pake, popeza mahomoni amene ali kale m'magazi amatenga masiku kuti athe. Storm imadziwika ndi thupi kutentha kupitirira madigiri 38.5, mtima kupitirira 140 kapena kugunda mosalongosoka, thukuta, kubwebweta, kusanza ndi kutsegula m'mimba. Yezani malungo, inde, koma musaime pamenepo podikira zotsatira. Vulani zofunda, pukutani ndi madzi ofunda pang'ono, ikani diripi, yezani shuga, perekani paracetamol. Aspirin musapereke, chifukwa amamasula mahomoni amene anali omangika ku mapuloteni a m'magazi, moto n'kukula. Adokotala adzalemba propranolol ndi hydrocortisone 100 mg ya mumtsempha maola 8 alionse. Akumbutseni ngati wodwala ali ndi mphumu kapena mtima wofooka, poti propranolol amavuta pamenepo. Kwa wodwala wa storm amene chithokomiro chake chikadalipo, carbimazole kapena propylthiouracil amayamba, ndipo Lugol's iodine amatsatira patapita ola limodzi. Mukasemphanitsa, ayodiniyo amasanduka chopangira mahomoni ena.

NamwinoMphunzitsi

Ndiyankhe za kashiamu. Kuseri kwa chithokomiro kuli tiziwalo tinayi, kalikonse kukula ngati kambewu ka mpunga, totchedwa parathyroid. Ndito timasunga kashiamu m'magazi pa muyezo wake. Pochotsa chithokomiro chonse timatha kusokonezeka, kusowa magazi, kapena kuchotsedwa limodzi ndi chotupa. Vutoli silionekera usiku woyamba kawirikawiri. Limayamba pakati pa maola 24 ndi 72, pamene aliyense wayamba kumasuka ndipo wodwala akufunsa za kunyumba. Amene chithokomiro chawo chinali chothamanga ali pangozi yokulirapo, chifukwa mafupa awo anatha kashiamu ndipo tsopano amamukoka m'magazi mwaumbombo.

Popanda labu, pakamwa panu ndi makina a BP ndi zida zokwanira. Maola 4 mpaka 6 alionse funsani mwachindunji: "Mayi, milomo ikumveka bwanji? Nsonga za zala zikuchita dzanzi, kapena ngati mukuyenda nyerere?" Mukafunsa kuti "muli bwanji" adzati ali bwino, poti dzanzi saliwerengera ngati matenda. Kenako minofu ya m'manja ndi ya m'miyendo imayamba kukokana.

Kuyesa kwa Trousseau: mangani lamba wa BP pamkono, popani mpaka 20 mmHg pamwamba pa nambala yapamwamba ya BP yawo, ndipo musiye choncho mpaka mphindi 3. Kashiamu akakhala wotsika, dzanja limapindikira m'kati pamfundo, chala chachikulu chimalowa m'chikhatho, zala zinazo zimawongoka n'kusonkhana pamodzi ngati munthu akutapa mchere ndi nsonga za zala. Zikangoyamba, phwetsani lambayo, poti zimapweteka. Kuyesa kwa Chvostek: gogodani ndi chala masentimita awiri kutsogolo kwa khutu, pansi pa fupa la tsaya, muone ngati ngodya ya mlomo ikuphethira. Kumeneku n'kosadalirika kwenikweni, chifukwa anthu ena abwinobwino amaphethiranso. Yesani lero opaleshoni isanachitike kuti mudziwe chibadwa chawo.

Magazi atengedwebe m'mawa wotsatira ngakhale zotsatira zichedwe. Muyezo wabwino ndi 2.2 mpaka 2.6 mmol/L. Ngati albumin, puloteni wa m'magazi, ndi wotsika, onjezerani 0.02 pa 1 g/L iliyonse imene yaperewera pa 40. Pansi pa 1.9, kapena wodwala ali ndi kukokana, kukomoka, kapena kholingo likutsekeka, chithandizo ndi cha mumtsempha ndipo sitidikira labu.

Calcium gluconate wa 10%, 10 mpaka 20 ml, asakanizidwe mu 50 mpaka 100 ml ya 5% dextrose ndipo alowe kwa mphindi 10, chala chanu chili pa kugunda kwa mtima ngati mulibe monitor. Kuthamangitsa kumagwetsa BP ndi kusokoneza mtima, makamaka kwa amene amamwa digoxin. Kanula ikhale mumtsempha waukulu ndipo muitsimikize kaye ndi saline, chifukwa mankhwalawa akatayikira m'mnofu amawotcha n'kusiya chilonda. Mphamvu ya mlingo umenewu imatha pakapita maola ochepa, choncho pamafunika diripi yotsatira: ma ampule khumi, kutanthauza 100 ml, mu lita imodzi ya saline kapena 5% dextrose, kuyenda 50 mpaka 100 ml pa ola monga alembera adokotala. Asadutse mumzere umodzi ndi ceftriaxone kapena sodium bicarbonate, poti zimaundana. Ngati kashiamu sakukwera ngakhale mwapereka, ganizirani magnesium wotsika.

Ngati m'kabati ya wodi yanu mulibe calcium gluconate, pitani ku leba masana ano. Kumeneko amamusunga monga mankhwala othetsa mphamvu ya magnesium sulphate. Onani deti lake, ndipo mugwirizane ndi sisita wa kumeneko kudakali kowala.

Pamfundo imodzi ndisiyane pang'ono ndi achimwene ogonetsa: stridor ya tsiku lachiwiri kapena lachitatu, khosi lili lofewa, ingakhale kashiamu amene wakokanitsa timinofu ta kholingo. Poitana ogonetsa, wina akhale akukonza calcium gluconate.

WaKuFamase

Za mankhwala opita nawo kunyumba. Carbimazole amatha tsiku la opaleshoni, poti chimene amachiletsa chachoka. Mapiritsi otsala abwezedwe, asapite nawo, chifukwa odwala ambiri amapitiriza botolo lakale pamodzi ndi latsopano. Propranolol amachepetsedwa pang'onopang'ono monga alembera adokotala.

Levothyroxine, piritsi lolowa m'malo mwa mahomoni a chithokomiro, ndi wa moyo wonse, ndipo izi mayiwo azimve ndi makutu awo, gadiyani ali pomwepo. Thupi lilibenso popangira mahomoniwa. Mlingo wa munthu wamkulu wopanda vuto la mtima ndi pafupifupi 1.6 mcg pa kilogalamu, ndiye wa makilogalamu 60 amayamba ndi 100 mcg patsiku. Okalamba ndi odwala mtima amayamba ndi 25 mcg n'kumakwera pang'onopang'ono. Samalani polemba ndi powerenga: ndi mcg, osati mg. Akasiya kumwa, sabata yoyamba samva kanthu chifukwa mankhwalawa amakhalitsa m'thupi, theka lake limatha pa masiku 7. Apa m'pamene ambiri amaganiza kuti achira. Pakapita masabata angapo kumabwera kutopa, kuzizidwa pomwe ena akumva kutentha, kudzimbidwa, nkhope kutupa, khungu kuuma, mawu kulemera ndi kuiwalaiwala.

Amwe m'mawa m'mimba muli mopanda kanthu, ndi madzi okha, theka la ola kapena ola lathunthu asanadye. Kashiamu, mapiritsi a ayironi owonjezera magazi ndi magnesium trisilicate zimagwira levothyroxine m'matumbo kuti asalowe m'magazi, choncho zitalikirane ndi maola 4. Soya nayenso amachepetsa kulowa kwake, ndiye phala la Likuni lisatsatane ndi piritsi nthawi yomweyo.

Apa pali msampha kwa mayi ameneyu. Dolutegravir amene ali mu TLD amagwidwanso ndi kashiamu ndi ayironi. Lamulo lake ndi kumwa TLD maola awiri kashiamu asanamwedwe, kapena maola 6 pambuyo pake. Ndondomeko yosavuta ndi iyi: 6 koloko m'mawa levothyroxine ndi TLD, kadzutsa cha m'ma 7, kashiamu pa nsima ya masana ndi ya madzulo. Calcium carbonate amalowa bwino ndi chakudya, ndiye zikugwirizana. Ngati alembedwa katatu patsiku, woyamba akhale 10 koloko. Adziwitseni a ku kiliniki ya ma ARV za mankhwala atsopanowa. Ngati alembedwanso alfacalcidol kapena calcitriol, amene ndi mitundu ya vitamini D, kashiamu wa m'magazi ayezedwe pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, chifukwa angakwere mopyola: ludzu, kukodza pafupipafupi, nseru ndi kudzimbidwa.

TSH, homoni ya m'magazi yosonyeza ngati mlingo wa levothyroxine ukukwanira, iyezedwe pakatha masabata 6 mpaka 8, ndiponso nthawi iliyonse mlingo ukasinthidwa. Kuyeza msanga kumasocheretsa. Akadzayamba mankhwala a TB, rifampicin amafulumizitsa kutha kwa levothyroxine m'chiwindi, ndipo phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine amachitanso chimodzimodzi, ndiye mlingo ungafunike kukwera. Kwa amayi aang'ono amene angatenge pakati, mlingo umakwera ndi pafupifupi 25 mpaka 30 pa 100 akangodziwa kuti ali oyembekezera, ndipo ayironi wa ku sikelo amwedwe madzulo.

Ndiwonjezere kamodzi kokhudza odwala ena a m'wodi mwanu amene akadali pa carbimazole. Akamva zilonda zapakhosi, zilonda m'kamwa kapena kutentha thupi, makamaka m'miyezi itatu yoyamba, asiye mankhwalawo tsiku lomwelo ndipo ayezedwe full blood count. Carbimazole nthawi zina amagwetsa maselo oyera a m'magazi. Kungoyeza malungo, kupereka amoxicillin n'kumubweza kunyumba akumwabe carbimazole kungamutayitse moyo.

SisitaWaOpaleshoni

Poti usiku muli awiri okha, gadiyani ndiye diso lanu lachitatu. Muuzeni zinthu zitatu zokha zoti akaona akudzutseni osachita manyazi: mayi akuti pakhosi pathina, akupuma molira kapena mothamanga, akulephera kumeza malovu. Kuyambira tsiku lachiwiri muonjezere dzanzi la milomo ndi zala. Mumuuzenso kuti asamange khosi ndi mpango kapena duku pofuna kubisa bala.

Potuluka, bala likhale louma masiku oyamba, asasenze ndowa kapena mtolo pamutu kwa masabata angapo kufikira adokotala atalola, koma khosi azilitembenuza pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere kuti lisaume. Dzanzi likayamba ali kunyumba amwe kashiamu wawo, ndipo likapanda kutha kapena manja akayamba kukokana, apite kuchipatala chapafupi usiku womwewo. M'buku lawo la kuchipatala lembani patsamba loonekera, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti chithokomiro chonse chinachotsedwa, deti lake, mlingo wa levothyroxine, tsiku lokayeza TSH ndi lokamva zotsatira za chotupa ku labu. Fufuzaninso asanachoke kuti levothyroxine azikamutenga kuti, chifukwa si chipatala chaching'ono chilichonse chimene chimamusunga, ndipo azipita kukatenga wina akatsala ndi mapiritsi a masabata awiri.